Wodwala Akacira, Abwerere Bwanji ku Nchito?

M'mawa uliwonse, kunja kusanayere bwino, anthu a m'komboni ya Chaisa amakhala ali kale pa njira. Ena amalunjika ku mseu wa Great North kukakwera minibasi, ena amayenda pansi kupita ku mafakitale, ndipo amai ambiri amalowera ku Emmasdale, ku Roma ndi ku Olympia kumene agwira nchito za m'nyumba. Pa nthawi yomweyo alonda amene acezera usiku wonse amakhala akubwerera kwao.

Pakati pa anthu amenewa pali ena amene angodzuka kumene pa mphasa. Malaya awakulira, miyendo ikali yolemera, ndipo m'thumba muli khadi la ku kiliniki ndi mapiritsi. Mphamvu sizinabwerere bwino, koma mwezi watha, eni nyumba afuna ndalama za lendi, ndipo unga nawo watha. Motero munthu amangodzilimbitsa mtima nkunyamuka.

Anchito a zaumoyo adziwa kuti nthawi imeneyi, pamene munthu wacoka pa mphasa koma sanalimbe, ndiyo nthawi imene ambiri amagwanso. Ena amataya nchito, ena amasiya mankhwala kuti asunge nchitoyo. Zonse ziwiri zingapewedwe ngati wodwala, a ku kiliniki ndi abwana agwirizana za kabwereredwe kake tsiku loyamba nchito lisanafike.

ZIMENE ZINAGWERA MLONDA

Nkhani yonga iyi imamveka kawirikawiri m'makiliniki a m'makomboni. Bambo wa ana atatu, mlonda wa usiku, anakhosomola kwa mwezi wathunthu. Anali kutuluka thukuta usiku, cakudya sicinali kulowa, ndipo lamba anafika pa bowo lotsiriza. Atapita ku kiliniki anamupima makhololo ndipo anamupeza ndi cifuwa cacikulu, cimene onse amangoti TB. Anayamba mankhwala ndipo anakhala pa nyumba masabata asanu ndi limodzi.

Kalata ya ku kiliniki sanapereke ku nchito. Akazi ake anangotumiza mau kudzera mwa mnzao wina kuti atate a m'nyumba adwala. Tsiku limene bamboyo anabwerera, kapitao anamuuza kuti anamulemba kale kuti wathawa nchito, koma amucitira cifundo. Anamuika pa geti usiku uliwonse, maola 12, popanda tsiku lopuma. Anzake anamupatulira kapu yake yake ndipo anali kudya atamufulatira. Tsiku lokatenga mankhwala litakwana, anaopa kupempha cilolezo poganiza kuti akanenanso za kiliniki ndiye kuti nchito yatha. Anasiya mankhwala m'mwezi wacitatu. Posapita nthawi cifuwa cinabwerera, ndipo ulendo uno anagonekedwa m'cipatala.

Mankhwala sanalephere pa munthu ameneyu. Zimene zinamugwetsa ndi zitatu: kalata imene sinafike kwa abwana, nchito yolemetsa pa thupi losalimba, ndi manyazi amene anzake anamucititsa. Zitatu zonsezi zili m'manja mwa anthu.

THUPI LIKACOKA PA MPHASA

Munthu akagona masabata angapo, minofu ya miyendo ndi ya msana imafooka msanga. Matenda monga TB, malungo aakulu ndi kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali amacepetsa magazi ndi kuondetsa thupi. Kaamba ka ici munthu angamve bwino ali khale pa mpando, koma akanyamula thumba la simenti kapena akakwera makwerero amacita cizungulire, mtima ugunda kwambiri, mpweya nkumucepera.

Mutu nawonso umatopa. Amene adwala nthawi yaitali amaiwalaiwala, amakwiya msanga, ndipo ena amaopa kuonana ndi anthu. Uwu si ulesi ai. Kutha kwa ululu kumabwera msanga, koma mphamvu zimabwerera mocedwa, ndipo zifunika cakudya cokwanira, tulo ndi kuyendayenda pang'ono tsiku lililonse.

Komanso kukhala pa nyumba nthawi yaitali kopanda cifukwa sikuthandiza. Munthu amene angokhala amayamba kuganiza kwambiri, ngongole zimaculuka, ndipo ena amalowa m'mowa. Nchito yoyenerana ndi mphamvu za munthu imamuthandiza kucira. Funso ndi lakuti abwerere liti, ndipo ayambe ndi nchito yotani.

ZIMENE LAMULO LINENA

Anchito ambiri sadziwa kuti lamulo liwateteza. M'caka ca 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Employment Code Act, nambala 3 ya caka cimeneco. Gawo 38 la lamuloli likamba za chuti ca matenda, cimene ambiri amangoti livi.

Wanchito amene ali pa kontrakiti yaifupi, yosapitirira miyezi 12, akadwala ayenera kulandira malipiro athunthu kwa masiku 26 ogwira nchito, ndiponso theka la malipiro kwa masiku ena 26. Amene ali pa nchito ya nthawi yaitali ayenera kulandira malipiro athunthu kwa miyezi itatu, ndi theka kwa miyezi ina itatu. Koma kuti izi zitheke wanchito afunika kupereka kalata ya dokotala. Mau a pakamwa otumizidwa kudzera mwa mnzake sakwanira.

Ngati miyezi isanu ndi umodzi yatha munthu osacira, abwana angamupumitse nchito kaamba ka matenda, koma pokhapokha dokotala atalangiza motero. Wopumitsidwa mwa njira imeneyi ayenera kupatsidwa ndalama zosacepera malipiro a miyezi itatu pa caka ciliconse cimene anamaliza pa nchitopo, kuonjezera pa zina zimene anali kuyembekezera kale. Mwacitsanzo, munthu wolandira K2,000 pa mwezi amene wagwira zaka zinai zathunthu ayenera kulandira ndalama zosacepera K24,000.

Lamulo lomweli liletsa kucotsa munthu nchito cifukwa cakuti anajomba kwa kanthawi ali pa livi ya matenda kapena atavulala. Liletsanso tsankho pa nchito kaamba ka umoyo wa munthu kapena kulemala. Lifuna kuti makampani akhale ndi ndondomeko yolembedwa ya za HIV ndi AIDS ndiponso ya umoyo wa anchito. Ndipo wanchito amene wakhala pa nchito miyezi isanu ndi umodzi ali ndi masiku asanu ndi awiri pa caka, olipidwa, oti asamalire mkazi, mwamuna, mwana kapena wina amene amusunga akadwala, atasonyeza kalata ya dokotala.

Anthu ena a ku Chaisa agwira pa malo amodzi zaka ndi zaka koma auzidwa kuti ndi aganyu cabe, alibe livi. Iwo ayenera kudziwa kuti kuyambira mu 2015 lamulo linaletsa kulemba munthu monga waganyu pa nchito imene ili yokhalitsa. Amene aona kuti alakwiridwa angakadandaule kwa mkulu wa bungwe lao la anchito, kapena ku ofesi ya Labour ya Unduna wa Anchito. Nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti yaikulu, ku cigawo coona milandu ya anchito, ndipo osauka angapemphe thandizo ku Legal Aid Board. Cofunika ndi kusazengereza, pakuti madandaulo otere ali ndi nthawi yake yoikika, ndiponso kusunga mapepala onse: kontrakiti, mapepala a malipiro, makalata a ku cipatala ndi khadi.

KALATA YA KU CIPATALA

Kalata yoyamba ifunika kufika ku nchito m'masiku oyambirira a matenda. Ngati wodwala sangathe kuyenda, akazi ake, amuna ake kapena mlamu apereke kalatayo m'manja mwa abwana kapena ku ofesi yoona za anchito. Ndi nzeru kuijambulitsa coyamba, kapena kuijambula ndi foni, ndi kupempha wolandira kuti asaine pa kope lotsala. Masiku a pa kalata akatha munthu asanacire, abwerere ku kiliniki kukatenga ina. Kungokhala cete ndiko kumapatsa kapitao mpata wolemba kuti munthu wathawa.

Kalata yaciwiri ndi ya pobwerera, ndipo iyi ndiyo ambiri amaiwala. Wodwala afotokozere dokotala kapena kiliniko ofisa nchito yeniyeni imene agwira: kaya anyamula katundu, kaya aimirira tsiku lonse, kaya agwira usiku, m'fumbi, pamwamba pa nyumba, pafupi ndi makina kapena moto. Wa cipatala sangalote zimenezi. Akazimva angalembe momveka kuti munthuyu ayambe ndi nchito yopepuka kwa masabata akutiakuti, asanyamule zolemera, asagwire usiku, ndipo apatsidwe mpata pa masiku akutiakuti obwerera ku kiliniki.

Ku Britain boma linasintha kalata ya odwala mu 2010 kaamba ka cifukwa comweci. Kale dokotala anali kungolemba kuti munthu adwala kapena wacira. Kuyambira caka cimeneco angathe kulemba kuti munthu angagwire nchito ngati amucepetsera maola, amusinthira nchito, kapena amulola kubwerera pang'onopang'ono. Palibe coletsa wodwala wa ku Chaisa kupempha kuti mau otere alembedwe pa kalata yake.

Dzina la matenda silifunika kulembedwa pa kalata yopita kwa abwana ngati mwini wake safuna. Cimene abwana afunika kudziwa ndi nchito imene munthu angathe, imene sangathe, ndi utali wa nthawi.

KUYAMBA PANG'ONOPANG'ONO

Akulu anati kuthamanga sikufika. Tsiku loyamba lisanakwane, wanchito ndi abwana akhale pansi ndi kalata ija, ndipo zimene agwirizana zilembedwe. Pa nchito zambiri njira yotere imathandiza: sabata loyamba munthu agwire theka la tsiku, sabata laciwiri aonjezere maola, ndipo pofika sabata lacitatu kapena lacinai abwerere pa maola ake a kale ngati thupi lilola. Masiku enieni asiyana malinga ndi matenda ndi nchito, ndipo wa cipatala ndiye alangize.

Zambiri zimene zithandiza sizifuna ndalama. Mlonda angasamutsidwe kucoka ku usiku kupita ku masana kwa mwezi umodzi kapena iwiri, nkupatsidwa mpando pa geti. Wonyamula katundu m'sitolo angayambe ndi kuwerenga ndi kulemba katundu. Womanga angayambe ndi nchito za pansi asanakwere pamwamba. Amai ogwira m'nyumba angayambe ndi kuphika ndi kuyang'anira ana, kucapa mabulangeti ndi kukolopa nyumba yonse nkudikira. Aliyense afunika mphindi zocepa zakuti amwe mankhwala pa nthawi yake, adye, ndi kupuma.

Abwana nawonso apindula. Munthu amene adziwa kale nchito, makasitomala ndi makiyi a pa malo ndi wovuta kumupeza. Kuphunzitsa watsopano kumatenga nthawi yoposa masabata ocepa amene wodwala apempha. Ndipo anchito ena amaona mmene mnzao asungidwira, nkudziwa mmene iwonso adzasungidwira tsiku lao likadzafika. Pa malo pamene odwala amacotsedwa, anthu amabisa cifuwa mpaka atapatsira anzao.

ZA TB NDI HIV PA NCHITO

TB ndiyo imadzetsa mantha kwambiri pa nchito, motero ifunika kufotokozedwa bwino. Kacirombo kake kamayenda mu mpweya pamene wodwala amene sanayambe mankhwala akhosomola, makamaka m'cipinda cotsekeka. Sikayenda pa kapu, pa mbale, pa supuni kapena pa kupatsana moni wa m'manja. Odwala ambiri a TB wamba, akamwa mankhwala mosadumphitsa kwa masabata awiri ndipo cifuwa cayamba kucepa, sakhalanso oopsa kwa anzao. A ku kiliniki ndiwo anganene za munthu aliyense payekha. Woopsa pa nchito ndi uja akhosomola mwezi wathunthu osapimitsa. Kutsegula mazenera m'cipinda ca alonda, m'ofesi ndi m'minibasi kumateteza koposa kupatula kapu.

Mankhwala a TB wamba amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi: miyezi iwiri yoyamba mankhwala a mitundu inai, miyezi inai yotsatira mitundu iwiri. M'zipatala za boma ndi aulere. Makhololo amapimidwanso pakutha pa mwezi waciwiri, wacisanu ndi wacisanu ndi cimodzi. Ici citanthauza kuti munthu amabwerera ku nchito akali pa mankhwala, ndipo afunika masiku opita ku kiliniki kufikira atauzidwa kuti wamaliza. Amene asiyira pa njira angadwalenso, ndipo TB yake ingakhale yosamva mankhwala wamba. Mkodzo wofiirira usadetse nkhawa, ndi mtundu cabe wa limodzi la mankhwalawo, rifampicin.

Za HIV zinasintha kwambiri. M'zaka za m'ma 1990 munthu akayamba kudwaladwala pa nchito, ambiri anali kuona ngati ulendo wayambika. Kuyambira mu 2004 makiliniki a mu Lusaka anayamba kupereka ma ARV, ndipo mu 2005 boma linacotsa malipiro ake. Lero ambiri amamwa piritsi limodzi pa tsiku, ndipo amene ali bwino amapatsidwa mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi. Munthu wotere agwira nchito monga wina aliyense, ndipo HIV siyenda pa kugwirira nchito pamodzi kapena kudyera mbale imodzi.

Abwana alibe mphamvu yopimitsa munthu HIV mwakabisira. Mu 2010 khoti yaikulu ku Livingstone inaweruza mlandu wa amuna awiri amene kale anali m'gulu la Zambia Air Force, amene anapimidwa HIV osauzidwa asanapumitsidwe nchito mu 2002. Woweruza Elizabeth Muyovwe anagamula kuti kuwapima popanda cilolezo cao kunaphwanya ufulu wao, ndipo analamula kuti alipidwe. Caka comweco bungwe loona za anchito pa dziko lonse, ILO, linagwirizana mfundo zakuti munthu asacotsedwe nchito kaamba ka HIV, ndi kuti za umoyo wake zisungidwe mwacinsinsi.

Kapitao kapena kalaliki amene waona kalata ya wodwala asaiyendetse m'makutu mwa anthu. M'komboni monga Chaisa, kumene anchito a kampani imodzi amatunga madzi pa mpopi umodzi, mau onenedwa pa geti m'mawa amafika kwa apongozi dzuwa lisanalowe.

MATENDA ENA

Amene anacitidwa opaleshoni ya pa mimba, monga ya cophuka kapena yobereka, amalangizidwa kusanyamula zolemera kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Bala likhoza kuuma kunja koma mkati likali losalimba. Wokankha wilibala kapena wonyamula zigubu za madzi asamale kwambiri pa ici.

Odwala BP ndi shuga samaliza mankhwala monga a TB, amamwa moyo wonse. Wa shuga afunika kudya pa nthawi yake, ndipo anzake adziwe kuti akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka, amupatse cakumwa ca shuga ngati angathe kumeza, nkumutengera ku kiliniki. Amene anagwidwa ndi sitiroko afunika masewera olimbitsa ziwalo amene a fizio amaphunzitsa ku UTH ndi m'zipatala zina, ndipo ambiri angabwerere ku nchito yosinthidwa. Dalaivala amene anadwala sitiroko, khunyu kapena anakomoka asagwire ciongolero kufikira dokotala atamulola, pakuti anyamula miyoyo ya anthu. Wa khunyu asaikidwe pamwamba pa nyumba, pafupi ndi moto kapena pa makina osachinga.

Amene anadwala matenda a maganizo, kaya anathandizidwa ku Chainama kapena ku kiliniki, ndiwo amasekedwa koposa onse. Matenda amenewa ali ndi mankhwala, ndipo ambiri amacira nkugwira nchito bwino lomwe. Afunika tulo tokwanira, maola osasinthasintha, ndi anzao owaitana ndi dzina lao, osati ndi maina acipongwe.

Kolera anthu a kuno aidziwa. Inavuta Lusaka kuyambira mu Okutobala 2017 kufikira mu 2018, ndiponso kuyambira kumapeto kwa 2023, pamene bwalo la National Heroes, pafupi ndi Chaisa, linasandutsidwa malo othandizira odwala mu Januwale 2024. Wocira kolera amalimba msanga akamamwa madzi aukhondo okwanira ndi kudya. Koma wophika kapena wogulitsa zakudya afunse a zaumoyo tsiku loyenera kuyambanso, ndipo asambe m'manja ndi sopo nthawi zonse akacoka ku cimbudzi.

OVULALA PA NCHITO

Ngati munthu wavulala ali pa nchito, kapena matenda ake abwera kaamba ka nchito, pali thumba lina lomuthandiza. Bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake lili ku Ndola ndipo lili ndi ofesi mu Lusaka, limalipira cithandizo ca ku cipatala ndi cipukuta misozi, ndiponso limathandiza ovulala kuti abwerere ku nchito. Ndalama za thumbali amasonkha ndi olemba nchito, sizidulidwa pa malipiro a wanchito. Ngozi ikacitika, wanchito auze abwana nthawi yomweyo, ndipo abwana ali ndi udindo wodziwitsa bungweli mwamsanga. Wovulala asalole kuuzidwa kuti akanene ku cipatala kuti anagwa kunyumba.

Amene matenda awalepheretseratu kugwira nchito ndipo anali kusonkha ku NAPSA akafunse za penshoni ya olemala. Amene adulidwa ndalama za NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, aone ngati dzina lao ndi a m'banja mwao analembedwadi, matenda asanabwere.

AMENE ALIBE ABWANA

Anthu ambiri a ku Chaisa alibe kontrakiti kapena ofesi yoperekako kalata. Ndi amai a pa msika, ogulitsa salaula ndi makala, eni tuntemba, akalipentala, owocherera zitsulo, makondakitala ndi aganyu. Kwa iwo tsiku losagwira nchito ndi tsiku losadya, ndipo mpamba wa malonda ndiwo umayamba kudyedwa matenda akalowa m'nyumba. Iwowa ndiwo amabwerera msanga koposa onse.

Kwa anthu otere, acibale ndi anansi ndiwo alowa m'malo mwa livi. Mng'ono kapena mwana wamkulu angakhale pa tebulo la malonda kuti malo asalandidwe ndi makasitomala asathawe. Wodwala akayamba kulimba angakhale pansi nkumagulitsa, wina nkumapita ku Soweto m'bandakuca kukagula katundu ndi kumusenza. Magulu a cilimba angasinthe mndandanda kuti wocira alandire msanga apeze poyambira, kapena kumulola kudumpha mwezi popanda cilango. Makomiti a misika angasunge malo a membala wao amene wagonekedwa. Magulu a amai a m'mipingo, amene akhala akuyendera odwala m'makomboni kuyambira zaka zovuta za AIDS, asaleke kuyendera munthu tsiku limene wadzuka, pakuti njala imaluma kwambiri m'mwezi wotsatira. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Pa cakudya, sikofunika zodula. Nsima ndi nyemba, kapenta, soya, mazira, ndiwo zamasamba zotendera nshawa ndi zipatso za pa nyengo zimabwezera thupi. Wocira adye pang'onopang'ono kangapo pa tsiku ndipo anyamule kanthu popita ku nchito. Mowa ndi fodya zimabweza munthu m'mbuyo, ndipo mowa pamodzi ndi mankhwala a TB umaononga ciwindi.

ZIZINDIKIRO ZOSAFUNIKA KUDIKIRA

Munthu amene wabwerera ku nchito apite msanga ku kiliniki ya Chaisa, kapena ku zipatala za pafupi monga Chipata Level One ndi Matero Level One, akaona izi: kutentha thupi kapena cifuwa cabwerera, akhosomola magazi, mpweya ucepa kapena pa cifuwa pawawa, maso asanduka acikasu, asanza kosaleka kapena thupi latuluka zidzolo ali pa mankhwala, maso ayamba kuona mwacimbuuzi, mapazi acita dzanzi, bala la opaleshoni latupa kapena lituluka mafinya, nkhope yapotoka, dzanja lafooka kapena lilime lalemera mwadzidzidzi, kapena maganizo ofuna kudzipha amubwerera. Asadikire tsiku lolembedwa pa khadi kapena kutha kwa mwezi, ndipo asasiye mankhwala payekha asanaonane ndi wa cipatala.

ENA ANADWALA NABWERERA

Nelson Mandela anadwala TB mu 1988 ali m'ndende. Anamwa mankhwala, anacira, ndipo mu 1994 anakhala mtsogoleri wa dziko la South Africa. Kuno kwathu malemu Winstone Zulu, amene mu 1990 anali woyamba m'Zambia kuulula poyera kuti ali ndi HIV, anadwala TB mu 1997. Abale ake anai anamwalira ndi TB, koma iye anapeza mankhwala, anacira, ndipo anagwiranso nchito yophunzitsa anthu za matendawa kuno ndi kunja kufikira imfa yake mu 2011.

Mlonda uja nayenso akanatha kumaliza mankhwala ake ali pa geti. Panafunika kuti akazi ake apereke kalata sabata loyamba, kapitao amuike masana kwa miyezi iwiri ndi kumulola kupita ku kiliniki pa masiku ake, ndipo anzake amwere naye tiyi monga kale. Banja limene lili ndi wodwala amene ayembekezera kubwerera ku nchito liyambe ndi kalata: lipite naye ku kiliniki, afotokoze nchito imene agwira, ndipo pepalalo lifike kwa abwana iye asanavale yunifomu.